Chaka Chimene Tinathirira Maluwa

Kwathu kuno ku Mualadzi zaka za njala timazipatsa maina. Chilipo chaka cha mango ophika, chilipo chaka cha madeya. Chimene ndikufuna kunena ine anthu amachitcha chaka cha maluwa, ndipo akamachitchula ine ndili pomwepo amayamba ayang'ana kumbali kuti aseke bwino. Sindiwaletsa, pakuti mwini nkhaniyo ndine.

Dzina langa ndine Anjelina, koma pamudzi amati anaPhiri. Ndinabadwira kuno, ndinakulira ku Malawi kumene makolo anathawira nkhondo, ndipo tinabwerako ndili namwali. N'chifukwa chake Chipwitikizi changa n'cha pamsika basi, chofunsira mtengo ndi kudandaula kuti wakwera. Amuna anga a Benedito ndiwo anaphunzira kusukulu ya mishoni, ndipo Chipwitikizi chawo amachisunga ngati jekete la paukwati, chovala pamaso pa anthu.

Okutobala

Bungwe lathu ndi la anthu olima madimba modzipereka. Lili m'chigawo chonse cha Tete, ndipo muli aphunzitsi opuma ntchito, anamwino, amayi a m'matchalitchi ndi alimi wamba ngati ine. Palibe amene amalandira kanthu. Timagawana mbewu za ndiwo, timaphunzitsana kukonza manyowa, ndipo sukulu kapena nkhalamba ikafuna kadimba timapita kukailimira. Nthambi ya kuno ku Chifunde ankaitsogolera a Lungu a ku Nsadzo, bambo wa geni ya panjinga.

Chaka chimenecho msonkhano waukulu unali mumzinda wa Tete. Kutatsala masiku atatu, a Lungu anaponda msomali phazi n'kutupa ngati dzungu. Ananditumizira mawu.

"AnaPhiri, mupite mukandimverere. Simukayankhulako kanthu. Mukakhale kumbuyo, mukadye mpunga, mubwere."

Ndinapita. Amene sanafikeko ku Tete mwezi wa Okutobala asamanene kuti amadziwa kutentha. Tinakhala m'holo ya parishi ina, thukuta lili chuchuchu, ndipo nkhani inali yosankha mtsogoleri wa chigawo chonse. A mumzinda ankafuna Dona Selesite, namwino wopuma ntchito, mayi wonenepa wa mawu okoma. A ku Angoniya ankafuna mphunzitsi wawo, a Jeremiyasi, amene amalima kabichi wofanana ndi mutu wa ng'ombe. Anakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mpunga uli kuzizira panja. Ine zambiri sindinkamva chifukwa ankakangana m'Chipwitikizi.

Kenako munthu wina anaimirira n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Kodi wachokera kutali kwambiri pano ndani?"

Ine ndinaganiza kuti akufuna ochokera kutali adye msanga kuti akapeze shapa, minibasi zathu zija. Ndinakweza dzanja mofulumira kuti wina asandipitirire. Holo yonse inaomba m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti mbali ziwirizo zinagwirizana kusankha munthu amene si wa uku kapena uko, ndipo aliyense mumtima ankati wa ku Chifunde ali kutali, sadzavuta.

Dona Selesite anandikumbatira, fungo la mafuta onunkhira lili guu. "Mana Anjelina," anatero, ponditcha mchemwali m'Chipwitikizi, "chilichonse chimene mukufuna, muzingonena." Anatenga foni yanga, imene anandigulira mwana wanga Rozinya wophunzitsa ku Chifunde, n'kundilowetsa m'gulu la pafoni la atsogoleri a nthambi zonse.

Nditafika kunyumba n'kufotokoza, a Benedito anandifunsa modabwa.

"Pulezidenti wa chigawo chonse? M'nyumba mwanga muno?"

"Ndinkafuna mpunga chabe, abambo."

"Zimenezo musadzazinenenso pagulu. Pulezidenti amafunika mlembi, ndipo mwayi wanu ndi wakuti munakwatiwa ndi munthu wophunzira."

M'mawa mwake anapita kumsika kukagula kope ndi cholembera. A Lungu atamva anangoti, "Ndinakutumani kukamvera, inu mwabwera ndi mpando."

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, ya fungo la dothi, ndipo tonse tinathamangira kumunda. Tinabzala chimanga, mtedza ndi maungu. Chimanga chinamera chobiriwira, mizere ili ndondondo.

Ntchito ya upulezidenti inali ndi vuto limodzi. Pamudzi pathu foni sigwira paliponse koma pachulu chachikulu cha kuseri kwa sukulu. Choncho Lachitatu lililonse ndinkakwera pachulupo, a Benedito pambuyo ndi kope lawo, kukamvera mauthenga a mawu ochokera m'maboma onse. Wina akudandaula mbuzi za mnansi, wina akufunsa mankhwala a nsabwe za m'kabichi, wina wangotumiza chithunzi cha tomato wake kuti timuyamikire. Awiri ankakangana mlungu uliwonse ngati manyowa a nkhuku amaposa a ng'ombe, ndipo onse ankafuna kuti ndiweruze. Ndinaweruza kuti asakanize.

Pomaliza pamafunika kuti inenso ndinene za kuno. Apa ndiye a Benedito ankatenga foni, n'kutsokomola kaye, n'kuyankhula Chipwitikizi chachitali chimene ine ndinkangomvamo mawu awiri, akuti "tudo bem", kutanthauza kuti zonse zili bwino. Mu Novembala zinalidi bwino.

Mnansi wanga ndi anaMbewe, mayi wamasiye wa pakamwa posakhoma chitseko. Ankakhala ndi mwana wawo Luwiza, amene mwamuna wake anapita ku migodi osabweranso, ndi adzukulu awiri. Akandiona ndikupita kuchulu ankafuula ali pakhonde, "A Pulezidenti akupita ku ofesi! Mupereke moni kwa chiswe!"

Disembala

Mvula inaleka mwezi utangoyamba. Mitambo inkasonkhana masana, kukagunda kumbali ya ku Zambia, mphepo n'kuimwaza. Sabata, masabata awiri, atatu. Chimanga chinapota masamba n'kuima ngati anyezi. Pamsika lata la chimanga, ndowa yoyezera ija, linayamba kukwera mtengo Loweruka lililonse, ndipo amene anali nacho m'nkhokwe anasiya kugulitsa.

Tinakumana amayi a nthambi yathu n'kugwirizana chinthu chimodzi. Dambo lathu zaka zonse limakhala lodzaza madzi nthawi ya dzinja, madimba timayamba mvula ikatha. Chaka chimenecho linali louma pamwamba koma ukakumba mpaka m'chiuno madzi ankatuluka. Tinati tiyambe madimba tsopano, ndiwo zitigwirize mimba. Chosowa chinali mbewu, poti yathu tinali titamaliza m'chilimwe.

"Muwauze kuti kuno kwauma, tikufuna mbewu ya ndiwo," ndinauza a Benedito tili pachulu.

"Amake Rozinya, pulezidenti sapempha ngati wosauka. Mukatero a mumzinda aja adzati tawaonani a kumudzi, mpando angoulandira dzulo lero ayamba kulira. Zisiyeni kwa ine."

Ndinene zoona, mawu amenewo anandilowa. Nanenso ndinkachita manyazi kuti anthu ovala nsapato aja adziwe kuti mtsogoleri wawo akudya kamodzi patsiku. Ndinawapatsa foni. Anayankhula nthawi yaitali, dzanja lina lili m'chiuno. Nditafunsa chimene anena, anati, "Ndawauza mwaulemu kuti zonse zili bwino, koma ngati pali timbewu tina toti tikongoletse madimba athu, sitikana."

Nthawi yomweyo mphekesera inabuka yakuti a Pulezidenti alandira lole ya mpunga, ndipo amene dzina lake lili m'kope la a Benedito adzalandira. Kopelo linali la mndandanda wa othirira dimba. M'mawa wina tinadzuka anthu ali mzere kuyambira pakhonde mpaka pamtengo wa mango. Ndinafotokoza kuti mpunga kulibe, kuli kheni ndi khasu. Onse anagwedeza mutu ngati amva, n'kulembetsa ndithu. Ena analembetsa ana a m'mimba. Mnansi wina, a Sitefano, analembetsa bambo awo, a Chikuse, amene tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo.

Lolemba lotsatira ndinaitana maina kudambo.

"A Chikuse, Lachiwiri m'mawa, makheni makumi awiri."

AnaMbewe ndiwo anati, "A Chikuse ake ati? Malemu?"

"Alembedwa, ndiye kuti alipo," ndinatero. "A Sitefano, ngati bambo anu sakwanitsa, muwathirire ndinu."

A Sitefano anathirira Lachiwiri m'malo mwa malemu, Lachinayi m'malo mwawo, ndipo sanajombe ngakhale kamodzi poopa kuti mpunga ukabwera adzafufutidwa onse awiri.

Phukusi la Dona Selesite linafika pa mota, njinga zamoto zija, Khirisimasi itangopita. Munali timapepala tambirimbiri tokulunga bwino, tolembedwa ndi dzanja. Tinatsegula kamodzi. Mbewu zake zinali zakuda, zowonda ngati singano.

"Izi zikufanana ndi chisoso chomata m'chitenje," anatero anaMbewe.

A Benedito anavala magalasi, anawerenga kapepalako kawiri, milomo ikugwedera. "Ndi chisoso cha ku Ulaya. Azungu amadya ndi mafuta."

Tinafesa dimba lonse. AnaMbewe anazula ngakhale mpiru wawo wochepa umene unali utakalamba kuti apeze malo a ndiwo za ku Ulaya.

Januwale

Kumwamba kunali mbee. Chimanga cha kumtunda chinapsa chisanafike m'chiuno. Anthu anayamba kugulitsa mbuzi, ndipo mbuzi yathunthu inkapita pamtengo umene kale unkagula mwendo umodzi. Ogula anali ochokera kutali, obwera ndi mota ndi zingwe zawo. Ife tinagulitsa ziwiri. Mango osapsa tinkaphika mumphika ngati mbatata, ana n'kumadya akukwinya nkhope. AnaMbewe anapha nkhumba yawo imodzi yokhayo chifukwa madeya amene inkadya anayamba kudya ndi anthu.

Koma kudambo kunali kosangalatsa. Mbewu za Dona Selesite zinamera zonse, zobiriwira, zamphamvu, tizilombo osazikhudza. Tinkadzuka kusanatenthe, kutunga m'zitsime zokumba, kuthirira, msana uli ng'ang'ang'a. Anthu a midzi ina ankabwera kudzaona.

Zitafika m'mawondo, anaMbewe analephera kupirira. Anathyola dengu, anatendera ndi nsinjiro zawo zomaliza, n'kundiitana kuti tilawe limodzi. Fungo lake linali ngati la mankhwala a m'chipatala. Ndinaika m'kamwa, misozi inatuluka yokha. Adzukulu awo analavula n'kuthawira kuseri.

Tinatengera mbale kwa a Benedito. Anatafuna pang'onopang'ono, mtsempha wa pakhosi uli tolotolo, n'kumeza.

"Sizinakhwime," anatero. "Ndiwo za ku Ulaya zimakoma zikakhwima."

"Onjezerani ndiye, a mlembi," anatero anaMbewe.

"Ndakhuta."

Mwezi umenewo palibe munthu wina amene ananenapo mawu akuti ndakhuta.

Febuluwale

Luwiza ananyamuka mwezi utangoyamba, pamodzi ndi amayi ena anayi, kupita ku Zambia kukagwira ganyu m'minda ya eni. Anasiya ana, wamng'onoyo atangosiya kuyamwa. Ndinamuona akudutsa kuseri kwa nyumba yathu ndi kathumba kumutu, osatembenuka, chifukwa mwanayo ankalira pakhonde. AnaMbewe tsiku limenelo sanandiseke za ofesi.

Patapita masiku ochepa, ndikupita kudambo m'mawa, ndinamva phokoso. Ndinaganiza kuti ng'ombe zalowa. Nditafika ndinapeza anthu aima m'mbali mwa dimba, manja ali m'chiuno. Dimba lonse linali litachita maluwa. Achikasu, ofiira, ofiirira, oyera, kuyambira kuchitsime mpaka kumpanda, njuchi zili ng'waa. Chibadwire sindinaonepo malo okongola chotero, ndipo sindinafunepo kuti nthaka indimeze ngati tsiku limenelo.

A Lungu anali atabwera pa njinga kuchokera ku Nsadzo kudzatenga mbande za nthambi ya kwawo. Anavula chipewa, anayang'ana dimba, anayang'ana ine.

"Akuluakulu sananame," anatero. "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Sitefano okha sanaseke. "Ine ndathirira maluwa masabata onsewa? Kawiri pamlungu? Ndi bambo anga omwe?"

Lamulungu limenelo guwa la m'tchalitchi linakongola kuposa pa Pasaka, koma oyimba kwaya mawu sankatuluka chifukwa cha njala.

Lachitatu ndinakwera pachulu. A Benedito anatsokomola monga mwa nthawi zonse, anadina foni, n'kuyamba moni wawo wautali. Sitinaone kuti anaMbewe akukwera kumbuyo kwathu, mdzukulu ali kumsana. Atangomva mawu aja akuti "tudo bem", anatsomphola foni m'manja mwa a Benedito, iyo ikujambulabe mawu.

"Inu anthu a m'fonimu, kaya muli kuti, ine ndine anaMbewe a ku Mualadzi. Amene amakuuzani kuti kuno kuli bwino ndi a Benedito, ndipo pano buluku lawo alimanga ndi luzi chifukwa lamba watha mabowo. Mvula inathawa Khirisimasi isanafike. Chimanga chapsa. Mwana wanga wapita ku Zambia kukalimira eni, wandisiyira ana awiri, mmodzi ndi uyu mukumumva akulirayu. Ine ndasenza madzi masabata asanu ndi awiri kuthirira ndiwo zanu, lero zabala maluwa. Ndi okongola, zikomo. Ndinaphika, galu ananunkhiza n'kuchoka. A Pulezidenti anu ndi munthu wabwino koma ali ndi manyazi, ndipo manyazi sitingatendere. Ngati muli ndi chinthu chodyedwa chomera msanga, tumizani. Ndatha. Kodi chimazimitsidwa pati chinthuchi?"

Pofuna kuzimitsa anachotsa chala, uthenga n'kupita.

A Benedito anakhala pansi pachulu pomwepo. "Chigawo chonse chamva za buluku langa."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero anaMbewe, n'kuyamba kutsika.

Asanafike pansi foni inayamba kulira, kulira, osaleka. Woyamba anali Dona Selesite, akulira kwenikweni, Chinyungwe ndi Chipwitikizi zikusakanikirana. Anati anauzidwa kuti tikufuna zokongoletsa, ndipo anasankha maluwa ake abwino kwambiri amene anawasunga zaka zambiri. "Mana Anjelina, ndinakuuzani kuti muzingonena! Mwandichititsa kutumiza maluwa kwa ana anjala!"

Kenako a Jeremiyasi a ku Angoniya. "Mbatata, amayi. Kuno kumapiri mvula yagwako, zingwe za mbatata tikudyetsa nkhumba. M'dambo lonyowa masamba mudzayamba kudya pakatha masabata atatu, mbatata yake miyezi itatu kapena inayi. Koma zingwe zikadulidwa sizidikira, zifike msanga."

Chimene chinandidabwitsa ndi mauthenga otsatira. Mtsogoleri wa nthambi ina ya kumwera, amene mlungu uliwonse ankatumiza chithunzi cha tomato, anaulula kuti chithunzicho chinali cha chaka chatha. Wina anati kwawo akudya mizu ya nthochi. Onse ankaopa kuyamba kunena.

Ndinatenga foni ndekha, kwa nthawi yoyamba, n'kuyankhula Chichewa changa cha ku Malawi. Ndinapepesa. Ndinati wonama si a Benedito okha, ine ndinali pomwepo. Ndinati nthambi iliyonse inene lero lomwe chimene ili nacho ndi chimene ikusowa, m'chinenero chilichonse, ndipo mlembi amasulira. Ndinawayang'ana a Benedito. Anaimirira, anakoka buluku, analandira foni.

"Za luzi n'zoona," anatero m'Chichewa. "Tiyeni tiyambe."

Malichi

Masiku anayi tinakhala pachulu kuyambira m'mawa mpaka foni kutha moto, ine ndi ambulera, a Benedito ndi kope. Apa ndiye ndinaona kuti sukulu ya mishoni sinapite pachabe. Ankamvera wa Chinyungwe, wa Chisena, wa Chipwitikizi, n'kundiuza mwachidule, osawonjezera zokometsera. Tinagawa kuti zingwe za ku Angoniya zina zibwere kuno, zina zitsike kumwera. A mumzinda ndi a ku Angoniya, amene mu Okutobala sankapatsana moni, anayamba kupikisana kuti athandiza kwambiri ndani. Sindinawaletse. A Jeremiyasi akati tadula mitolo makumi atatu, Dona Selesite ankati ife tapeza galimoto. Ine ndinkangoti kwa uyu, mwamva zimene achita anzanu?

Galimotoyo inali lole ya mlamu wa membala wina, yopita kumalire kudzera ku Makanga. Zingwe anazikulunga m'masaka onyowa. Chimene sanatiuze n'chakuti m'lolemo munalinso mbuzi zisanu ndi imodzi.

A Lungu anasonkhanitsa amuna a njinga khumi ndi awiri kukadikira pamphambano. Ife kudambo tinali titazula maluwa, kusiya mzere umodzi wa tchalitchi, n'kuunda mitumbira. Dzuwa lili paliwombo tinaona fumbi, njinga zikubwera mondondozana, a Lungu patsogolo nkhope ili gwa. Anatsitsa mtolo woyamba n'kuumasula. Mbuzi zija zinali zitadya ulendo wonse. Theka la zingwe linali lopanda tsamba ngakhale limodzi, ngati zikwapu.

Ine ndinayamba kulira. Ndinaganiza kuti kachiwiri ndawasonkhanitsa anthu pachabe. AnaMbewe anatola chingwe chimodzi, anachipinda, anakanda ndi chikhadabo, madzi oyera n'kutuluka.

"Mukulira chiyani? Tsamba silimera, chimamera ndi mfundo. Mbuzizo zatichepetsera ntchito. Bweretsani mipeni."

Tinadula, tinabzala tsiku lomwelo mpaka dzuwa kulowa. Aliyense wa m'kope analandira gawo la kudimba kwake. A Sitefano anafunsa ngati bambo awo alandira nawo, ndipo msonkhano unagamula kuti popeza malemu sanajombepo kuthirira, alandire.

Pakati pa mwezi kunagwa mvula ziwiri, zochedwa kwa chimanga koma zokwanira mbatata. Mitumbira inaphimbika. Tsiku loyamba kuthyola kholowa, mudzi wonse unanunkhira chidulo. Sikuti njala inatha. Tinkadyabe kamodzi, nthawi zina kholowa yekha ndi mchere, ndipo agogo awiri a mudzi wa kutsidya sanafike nawo pokolola. Koma ana anasiya kugona masana pansi pa mitengo, anayambanso kuthamangitsana.

Juni

Kunazizira, udzu unayera, mitumbira inang'ambika. AnaMbewe anali atayamba kale kufukula m'mbali ndi chala kuyambira mu Meyi, akumati akungoona ngati muli mbewa. Tinagwirizana tsiku lokumba dimba la bungwe, ndipo ndinalengeza pafoni mwamwambo chabe. Sindinayembekezere mlendo.

M'mawa wa tsikulo kunafika mota, kumbuyo kwake kutakhala munthu wofiira ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atagwira woyendetsa ngati akumira. Anali Dona Selesite. Anatsika n'kufunsa kuti, "AnaMbewe ndi ati?"

AnaMbewe anabwera, khasu lili paphewa. Dona Selesite anagwada m'fumbi momwemo n'kuyamba kupepesa. AnaMbewe anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndinu a maluwa aja? Dzukani, mayi, mawondo amenewo si a pansi pano. Mwabwera bwino, tikusowa wokumba."

Anawapatsa khasu. Dona Selesite anatema kamodzi n'kudula mbatata yaikulu pakati. Anatemanso n'kudula ina. Atadula yachinayi anaMbewe anawalanda khasu n'kuwapatsa dengu kuti azitola. Tinakumba mpaka masana, milu ikukwera. Ina tinaotcha pomwepo, ndipo Dona Selesite anadya zitatu, milomo ili bii ndi phulusa, akufunsa a Benedito ngati apeza lamba wina.

Tikugawa milu, mdzukulu wamkulu wa anaMbewe anakuwa n'kuthamangira kunjira. Kunkabwera mayi wowonda, wakuda ndi dzuwa, atasenza thumba losadzaza. Anali Luwiza. Anali atayenda masiku awiri kuchokera kumalire. Kumene anali sanamve chilichonse cha kuno, ndipo njira yonse ankaopa kufunsa anthu ngati ana ake ali moyo.

Anatula thumba pamapazi pa amayi ake. Munali madeya, malipiro a miyezi inayi atachotsapo zimene anadya. Anayang'ana mulu wa mbatata wofika m'chiuno, anayang'ana wamng'ono uja ali chiimire ndi mbatata yootcha m'manja onse awiri, masaya ali tuu. Mwanayo sanamuzindikire, anabisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake. Luwiza anakhala pansi n'kuyamba kulira.

AnaMbewe anamasula thumba lija, anatapa madeya, anawanunkhiza, n'kumanganso bwinobwino.

"Wachita bwino, mwana wanga. Awa tipatsa nkhumba."

"Amayi," anatero Luwiza akupukuta misozi, "nkhumba tinadya mu Januwale."

"Ndiye tigula ina. Iwe, kamupatse mayi ako mbatata imodzi, uli nazo ziwiri."

Mwanayo anayang'ana ya kudzanja lamanja, anayang'ana ya kumanzere, anaganiza nthawi yaitali. Kenako anapita pang'onopang'ono n'kupereka yaing'onoyo.